Tsiku Limene Giya Anakoka Apolisi

Pulani yonse inabadwira kuseri kwa bala, pa tebulo la miyendo itatu limene mwendo wachinayi unali njerwa. Anakhalapo amuna atatu. Woyamba anali Mapulani, munthu amene sanagwirepo ntchito ina kupatula kuganiza, ndipo kuganizako kunali kutamugoneka m'ndende kangapo. Wachiwiri anali Nyundo, chimunthu cha mapewa ngati chitseko, amene mutu ankangousenza poti aliyense ali nawo. Wachitatu anali Giya, dalaivala wakale wa basi, munthu wofatsa amene vuto lake linali limodzi: pakamwa pake mawu oti ayi sankatulukapo.

"Amdala okoka magalimoto akufa aja akugulitsa pikiapu yawo," anatero Mapulani, uku akukankhira mabotolo pambali kuti nzeru zipeze malo. "Chigalimoto chimenechija ndi munda, amangwetu. Njerwa chinyamula, mchenga chinyamula, lole ikafa pamsewu chikoka. Umangokhala pa chiwongolero, chuma chikukutsata pambuyo."

"Nanga tigula ndi chiyani?" anafunsa Giya.

"Aise, wanena zogula ndani? Ife tikukayesa. Kuyesa n'kwaulere."

Anafotokoza dilu yonse. Iye avala suti, akhala bwana womanga nyumba, m'manja chikwama chotupa ndi nyuzi zakale. Nyundo akhala kapitawo. Giya akhala chomwe ali, dalaivala. Akafika pamsewu wopanda anthu, awapempha amdalawo atsike kuti akaone ngati nyali zam'mbuyo zikuyaka. Akangotsika, moto! Kuseri kwa mapiri kuli msuweni wake wodziwa penti, ndipo pikiapu yoyera idzadzuka yobiriwira.

"Pulani iyi ilibe bowo," anatero Mapulani. "Ngakhale nyerere siingalowepo."

Nyundo anaomba m'manja mpaka tebulo linatsika pa njerwa. Giya sanaombe. Maganizo ake anali kunyumba, kuseri kwa chitseko, kumene kunaima sutikesi yabuluu. Mkazi wake anaiika pamenepo tsiku limene iye anatuluka m'ndende, nanena mosakweza mawu: "Bambo a ana, ndikadzangomva kuti muli kupolisi kachiwiri, sutikesi iyi idzatuluka pakhomo pano, ndipo siidzabwerera." Kuyambira pamenepo Giya ankaipatsa ulemu sutikesiyo ngati apongozi. Polowa ankaiyang'ana, potuluka ankailambalala.

"Ine zimenezi..." anayamba Giya.

"Wavomera," anatero Mapulani. "Bweretsani lina!"

Kutacha, Giya anauza mkazi wake kuti akukathandiza bwana wina kusankha galimoto ya ntchito. Bodza lenileni silinali. Linangochepa mbali imodzi.

Pikiapu anaipeza pabwalo la amdala itaima pamthunzi ngati ng'ombe yomasulidwa pa ngolo. Inali yaitali, yotakata, chitseko chimodzi cha mtundu wina, ndipo kumbuyo nkhuku inali itaikira mazira. Amdalawo anaichotsa nkhukuyo mopepesa.

"Maso andithera, ana anga, n'chifukwa chake ndikugulitsa," anatero akusisita boneti. "Koma ichi si galimoto, ndi njovu. Chinakokapo lole yodzaza simenti, dalaivala wake ali m'tulo. Chinazulapo chitsa chimene amuna a mudzi wonse anachilephera."

Mapulani anazungulira galimotoyo akumenya matayala ndi nsapato, monga amachitira anthu osadziwa kanthu. Analamula kuti atsegule boneti, nasuzumira nthawi yaitali.

"Injini ilimo," anatero ndi mawu a katswiri.

"Ilimo, bwana," anavomera amdala.

Giya ndiye anayang'ana zenizeni. Anaona oilo, anagwada n'kuona ngati pansi sipanadye dzimbiri, anagwedeza chitsulo chokokera cha kumbuyo. Atailiza, injiniyo inabangula mokhuta, ndipo Giya anaona nkhope ya Mapulani ikusungunuka. Munthu anabwera kudzanamizira kugula, koma mtima wake unali utagula kale.

Amdala anatulutsa chingwe chokhuthala ngati mkono wa mwana, cha mbedza mbali zonse ziwiri. "Ichi ndikupatsani chaulere. Koma mverani bwino. Pokoka musamange mfundo. Kolekani mbedza, basi. Mfundo ikakokedwa ndi galimoto iyi siimasuka mpaka tsiku la chiweruzo."

Giya anamva. Mapulani anali kudziyang'ana pa galasi. Nyundo anali kukambirana ndi galu wa amdala, amene anali atamugwira thalauza.

Zonse zinayenda monga mwa pulani, zomwe zinamuopsa Giya chifukwa sizinachitikepo. Atafika pamsewu wafumbi pakati pa minda, Mapulani anatsokomola.

"Madala, nyali zam'mbuyo sindinazione. Tatsikani mutiuze ngati zikuyaka."

Amdala anasiya chipewa ndi foni pampando, natsika, nawerama kumbuyo manja ali m'mawondo.

"Ponda!" anatero Mapulani.

Giya anaponda. Pa galasi anawaona amdala akucheperachepera m'fumbi, akadali chiweramire, ndipo mawu awo anawatsatira chapatali: "Yakumanzere siikuyakaaa!"

Mapulani anavala chipewa cha amdala, natulutsa chigongono pawindo. Nyundo anaimirira kumbuyo akuimba. Ngakhale Giya anayamba kuganiza kuti mwina sutikesi igona m'nyumba.

Kenaka anafika patsinde pa mtunda waukulu, ndipo pamenepo panaima galimoto ya polisi, boneti ili m'mwamba ngati kamwa la ng'ona. Sajeni wonenepa anali pakati pa msewu, dzanja lili m'mwamba. Nyimbo ya Nyundo inathera pakhosi. Giya anaponda mabuleki, naima.

Sajeni anazungulira pikiapuyo pang'onopang'ono. "Si ya amdala okoka aja iyi?"

"Tagula lero lomwe, bwana," anatero Mapulani.

"Mwagula? Pepani kwambiri." Sajeni anapukusa mutu ngati ali pamaliro. "Ndimati mwina mutikoke, koma ayi, pitani. Chinkhalamba ichi sichingakwere nafe mtunda uwu. Chitha kutifera pakati, tonse n'kubwerera chambuyo. Tidikira thirakitala."

Giya anali atalowetsa kale giya. Koma dzanja la Mapulani linagwira chiwongolero.

"Bwana, mwati chiyani?"

"Ndati pitani."

"Ayi, mawu enawo."

"Mapulani," ananong'ona Giya, "apolisi atiuza kuti tipite. Apolisi! Zotere sizichitika kawiri pa moyo wa munthu."

"Wanyoza galimoto yanga."

"Si yako!"

"Ndiye aziinyoza?" Mapulani anatsika, nakonza tayi. "Bwana, galimoto iyi inakokapo lole yodzaza simenti, dalaivala ali m'tulo. Kachitini kanuka ikakoka ndi mano. Kapitawo! Chingwe!"

"Tikangofika pamwamba timasula, n'kumapita," Mapulani anamuuza Giya pawindo. "Ndingofuna aone."

Giya anafuna kunena ayi. Mawuwo anakwera mpaka pakhosi, nayang'ana kunja, nabwerera. Anatsitsa mutu kuti apolisi asamuone nkhope, ndipo n'chifukwa chake sanaone zimene Nyundo ankachita kumbuyo. Nyundo anaiyang'ana mbedza ija, naiona yaing'ono, naikankhira pambali. Chingwecho anachizunguliza, nachipisa, nachibweza, namanga mfundo ngati womangirira nkhunzi yolusa. Mbali inayo anachitanso chimodzimodzi, kuti pasakhale tsankho.

Kunena zoona, pikiapu ija inakwera. Inatulutsa utsi wakuda, inakanda miyala, niyamba kuukwera mtundawo ngati kumbuyo kwamangiriridwa nkhuku. Mapulani anatulutsa theka la thupi pawindo.

"Bwana Sajeni! Mukadalipo kumbuyoko? Ife sitikumva kanthu!"

Pamwamba Giya anaima. "Masula, Nyundo, masula msanga!"

Nyundo anayesa ndi zala. Anayesa ndi mwala. Anagwada n'kuyesa ndi mano. Mfundo ija inali itauma gwaa ngati bondo la mtengo. Giya anatsika, naiona, nakhala pansi m'fumbi.

"Musavutike, anzathu," anatero Sajeni mokoma mtima, akumusisita Mapulani paphewa. "Ndakulakwirani, galimoto iyi ndi yamphongo. Kupolisi si kutali. Tiyeni tikadulire konko, kuli chikwanje. Mukamwenso tiyi."

"Tiyi sitimwa, bwana," anatero Giya.

"Lero mumwa."

Motero anthu a m'tauni anaona zachilendo masana amenewo: pikiapu yoyera ikuyenda mwaulemu, kumbuyo ikukoka apolisi. Podutsa pamsika, pamene mkazi wa Giya ankagulitsa tomato, Giya anayesa kumira pansi pa chiwongolero. Zinakanika. Mkazi amadziwa khutu la mwamuna wake ngakhale pakati pa khamu.

"Amuna anga awo!" anakuwa, akugwedeza mnzake wa anyezi. "Mumati sadzapeza ntchito! Taonani, akukoka boma!" Anamusiyira mnzakeyo tomato, nayamba kutsatira wapansi, akumwetulira njira yonse.

Analowa pabwalo la polisi. Wapachipata anatseka geti msangamsanga, osati chifukwa cha iwo, koma chifukwa cha mbuzi zimene zinkakonda kudya maluwa a akuluakulu. Giya anamva loko kulira, ndipo kunamveka ngati loko wa sutikesi.

Pakhonde, pa benchi, panakhala munthu wopanda chipewa, fumbi mpaka m'nsidze. Anali atabwera njira yachidule, pa keliyala ya njinga ya wogulitsa mkaka. Wapolisi wachitsikana anali atangomufunsa kuti galimoto yobedwayo inali yamtundu wanji.

Amdala anaimirira, natsinzina maso awo ofookawo, naloza. "Yamtundu uwo. Ndipo chipewa icho n'changa."

Sajeni anayang'ana amdala, nayang'ana pikiapu, nayang'ana Mapulani, amene anavula chipewa chija pang'onopang'ono ngati walowa m'tchalitchi.

"Timangoyesa, bwana," anatero Mapulani. "Ogula enieni amayesa kaye. Ndalama zili m'chikwamamu."

Sajeni anatsegula chikwamacho, natulutsa nyuzi, nawerenga pang'ono za mpira wa chaka chatha. Kenaka anayamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pa boneti ya galimoto yake yakufayo.

"Chiyambire ntchito iyi," anatero akupukuta misozi, "sindinaonepo mbava zobweretsa katundu, n'kudzibweretsa zokha, n'kubweretsanso apolisi oti azigwire."

Amdala sanalabadire mbavazo. Anapita kumbuyo kwa galimoto yawo, naiyang'ana mfundo ija, manja ali m'chiuno.

"Wamanga ichi ndani?"

Nyundo anakweza dzanja monyadira.

"Ndinati chiyani za mbedza?"

"Galu wanu amandilankhula, madala."

Powatengera m'kati, Mapulani anaima pakhomo n'kucheuka. "Koma bwana, vomerani pamaso pa anthu. Yakwera kapena siinakwere?"

"Yakwera," anatero Sajeni.

"Basi," anatero Mapulani, nalowa m'chitokosi mutu uli m'mwamba ngati wapambana mlandu.

Giya ndiye analowa chotsalira, chifukwa pageti panali pataima mkazi wake. Kumwetulira kunali kukadali pankhope, koma kunkachoka pang'onopang'ono ngati madzi m'ndowa yobooka. Sanakuwe. Sanatukwane. Anangomuyang'ana, nayang'ana unyolo m'manja mwake, natembenuka.

Giya sanadye tsiku limenelo. M'maganizo ankangomuona mkazi wake pa siteji ya basi, ana kumbuyo, sutikesi pamutu, nyumba itatsala yokha.

M'mawa Sajeni anagogoda pa zitsulo. "Dalaivala, katundu wako."

Inali sutikesi yabuluu. Giya anaitsegula. Munali malaya ake onse, ochapa, ositidwa, opindidwa bwino. Munali thalauza la ukwati, nsapato, lezala, ngakhale kapu yake yothyoka chogwirira.

"Akuti ana ali bwino," anatero Sajeni, "ndipo loko wa pakhomo asintha."

Mkaziyo sananame. Sutikesi inatulukadi pakhomo, ndipo siinabwerere. Kungoti nthawi yonse ija Giya ankailambalala mwaulemu, sanafunsepo kuti m'katimo muli zovala za yani.

"Usadandaule, aise," anatero Mapulani, akuyeza malaya amodzi pachifuwa pake. "Ndili ndi pulani."

"Ayi," anatero Giya.

Mawuwo anatuluka bwinobwino, osavuta n'komwe. Anangochedwa ndi tsiku limodzi.