Chambo cha ku Joni

Lolemba
Asiyatu, mwana wanga wa ku Joni, ndi woyembekezera ndipo akulakalaka chambo. Achikhala moyo mayi ake, bwenzi atawamba kale n'kupatsira a basi. Ine kuwamba sinditha. Koma a Jafali, amene amatumiza katundu pa ndege kuchokera ku Lilongwe, akuti: "Chonyamuka m'mawa, masana chili ku Joni." Masana! Ndiye nditumiza chachiwisi.

Lachiwiri
Ndapeza chambo chonona padoko. Chili mufiriji ya pagolosale. Ndangouzako a Mwalimu a kumzikiti okha.

Lachitatu
Mudzi wonse wamva. Kuno khomo lililonse lili ndi mwana ku Joni. Pakhonde pali zitenje, nsapato, mipando yoluka, chigubu cha thobwa, tambala wamoyo! "Mungoikako pakona, mjomba." Awa ndi anthu amene anakumba manda a mkazi wanga, naphikanso pa sadaka yake. Ndingawakanire bwanji?

Lachinayi
Ndili kubwalo la ndege ku Lilongwe, chambo chili m'bokosi la ayezi. Malo aukhondo kuposa chipatala. Amayeza kulemera, kenako mtsikana wapamenepo n'kuyezanso kukula kwa katoni ndi tepi. Makina amaona m'kati osatsegula! Tambala amukana mwaulemu. Thobwa nalonso: "Lingaphulike kumwamba, bambo." Anthu odziwa ntchito.

Lachisanu
Nsomba akuti imafuna chilolezo cha a zaziweto, cha kuno ndi cha ku Joni komwe. Amasamala, ndipo sakulakwa. Wosaina wapita kumsonkhano. Ndikuswali Ijuma mumzikiti, koma mtima uli pa ayezi.

Loweruka
Katundu wa anthu wakwera. Ndege ikunyamuka ine ndikuona: chinthu cholemera chotere, osavutika n'komwe! Mayi a Asiyatu sanaionepo pafupi chonchi. Ayezi watha. Muminibasi yobwerera ku Mangochi andisiyira mpando wonse ndekha, mawindo onse otsegula.

Lamulungu
Asiyatu akuimba foni. Katundu yense anafika dzulo lomwelo, popanda mpando ngakhale umodzi wothyoka. Popeza makatoni ali m'dzina lake, anyamata a m'mudzi muno adzaza m'chipinda mwake kudzatenga zawo, iye akuwaphikira tiyi.

"Nanga changa, ababa?"

Ndikumuuza kuti ndege ija ndi yabwino kwambiri. Akuseka, kasekedwe ka mayi ake.

Chambo ndachikwirira kuseri kwa nyumba, mozama, kuopa amphaka.