Malipenga a ukwati wa Taonga

Pa Mande
Taonga, mwana wanga woyamba, akwatiwa pa Chiwelu. Wandimvetsa nyimbo zisanu za piyano pa foni, zachizungu zakalekale, zopanda mawu. "Atate, polowa m'tchalitchi bandi yanu indiimbile izi." Ine ndi pakamwa pangapa: "Zazing'ono izo!" Ndanenanso pamaso pa akuchimuna.
Zimene ndili nazo:
malipenga aang'ono atatu,
lokoka la a Mumba,
lalikulu la a Daka, lomanga ndi mphila,
ng'oma.

Pa Chiwili
Ndagawa bwinobwino. Za dzanja lamanja la woimba piyano kwa malipenga aang'ono, za lamanzele kwa a Daka. Chimene sindinaganize: piyano sipuma! A Daka afika pakati, maso tuzu, akhala pansi. "Bambo, amene analemba izi analibe mapapo?" Ziwili zothamanga ndachotsa.

Pa Chitatu
A Mumba apita ku Ndake kukatola thonje osalaila. Popanda iwo nyimbo yovina ikumveka ngati ng'ombe pa dibi. Ina yatikanika poyambila pomwe. Yatsala imodzi, yapang'onopang'ono. Taonga sindinamuuze, ndikuchita manyazi.

Pa Chinayi
Mayo ine! M'tchalitchi muli msonkhano wa amayi, ndiye tikuyeselela pabwalo panga. Apongozi anga, amayi a mkazi wanga, amene abwela kuchoka ku Kaumbwe kudzaona ukwati, agona m'nyumba ndi chifuwa, ndipo kwathu kuno ku Kacholola aliyense akudziwa kuti akudwala. Ine mutu uli ku nyimbo basi.
Tikuimba. Yakoma! Ndatsinzina.
Kutsegula maso, amayi ali mbwee pabwalo, vitenge m'chiuno, akulila. Amuna akutulutsa mipando m'nyumba. Wina waika kale masamba pamsewu. Ogulitsa nthochi asiya nthochi zawo. Lipenga likalila pang'onopang'ono pakhomo pali wodwala, kuno sitifunsa. Ndabadwila konkuno, ndaiwala bwanji?
Kenaka apongozi tulukilu pakhomo, ali m'bulangeti: "Wafa ndani?"
Amayi awili athawa mpaka kumsika.

Pa Chisanu
Sindikutuluka. Achemwali a apongozi atsika minibasi kuchoka ku Petauke akulila, wina anawaimbila foni dzulo. Abwela ndi nkhuku ya pamalilo, ndipo akuti sabwelela nayo. Apongozi sandiyang'ana kumaso chikwatile mwana wawo, ndi ulemu umenewo, koma lelo ngakhale msana wawo wakwiya. Amake Taonga akungoti, "Mwawaika amayi m'manda ndi lipenga."
Taonga, mofatsa: "Atate, bandi ipumuleko." Bola akanandikalipila.

Pa Chiwelu
Mwana wanga walowa m'tchalitchi ndi nyimbo yake, wokongola zedi. Woimba ndi foni. Ine mtsogoleli wa bandi, suti yonseyi, ntchito yanga ndi kugwila foni pafupi ndi sipika. Potuluka, malume a mkwati andigwila dzanja ndi manja awili: "Pepani nazo za pa Chinayi." Anthu kuseka mpaka misozi. Ndadya mpunga osakweza mutu.

Pa Sondo
Lipenga ndapachika. Basi, tibwelele ku nyimbo zathu za m'buku.
Apongozi akupita kwawo, chifuwa chatha. Atuma amake Taonga kudzandiuza mawu. Ndaimilila, ndikudikila chilango.
Akuti mapepala a nyimbo ija ndisataye. Akuti anasuzumila pawindo asanatuluke, anaona amene anabwela ndi amene sanabwele, ndipo sanadziwe kuti Kacholola amawakonda chotele. Tsiku lenileni likafika, ndikaimbe yomweyo.
Mawu otsiliza a apongozi: "Koma auzeni ayembekeze ndiyambe ndafa."