Kamba wa Amake Jenny

Inu amene mukudandaula kuti galimoto ya ku Lundazi yachedwa, khalani pansi. Ine ndadikirapo lole pa Chama pano masiku anayi, ndadikirapo sitima pa Kapiri mpaka ndevu kumera, koma katswiri wa kudikira si ine. Ndi a Hosea Ng'uni, mlangizi wa zaulimi wa ku Tembwe, amene ndinkawakonzera njinga masiku amenewo, 1993, mafupa anga asanayambe kulira.

Boma linawasankha kupita ku Japani kukaphunzira ulimi wa mpunga. Akazi awo a Damaris, amake Jenny, anawerengera motere: ngati ulendo wa ku Lusaka umadya nkhuku imodzi, wa ku Japani ndi zingati? Anapha ziwiri. Anakazinga mpaka kuuma kuti zisavunde, nawonjezera mazira khumi ndi awiri, mbatata zophika, nshawa zokazinga ndi zitumbuwa, kamba yense wa paulendo m'chola chimodzi. Pa njira ya ku Lusaka a Ng'uni anapeza galimoto ya boma, nadyetsedwa ndi abale kulikonse, choncho chola chinakwera ndege chosatsegulidwa.

Pa Nairobi anatsika m'mawa. Ndege inayo inali ya madzulo, kudikira maola khumi ndi limodzi. Kwa munthu wa ku Chama amenewo si maola, ndi kuphethira. Anakhala pa benchi, chola pamiyendo, suti yobwereka kwa aphunzitsi a Justin itawagwira m'chiuno ngati ngongole.

Pafupi nawo panakhala mayi wina wovala magalasi, nanunkhiza m'mwamba.

"Bambo, ndimwe a ku Zambia?"

"Mwadziwa bwanji, mayi?"

"Fungo. Iyo ni nkhuku ya kumunzi."

Anali a Virginia, namwino wa ku Chipata wogwira ntchito kunja. Atasuzumira m'cholamo anagwira pakamwa.

"Manje ba Ng'uni, uko muyenda kuli agalu pa eyapoti. Akanunkhiza nyama, vonse ivi ni mu bini, na imwe angakubwezeni pa ndeke yamene mwabwera nayo."

"Ndiye nditani?"

"Tayani."

Tamverani, inu. Munthu amene anaona chilala cha chaka chapitacho, amene anaima pamzere wa chimanga chachikasu, mumuuze kuti ataye nkhuku ziwiri? Nkhuku zimene amake Jenny anathamangitsa okha kuzungulira nkhokwe? A Ng'uni anayang'ana wotchi, anayang'ana chola, navula jekete.

"Kutaya ayi. Tidya. Sambani m'manja, mayi."

A Virginia anadya phiko limodzi ndi chitumbuwa, ndege yawo inaitanidwa, nathawa. A Ng'uni anatsala okha pankhondo.

Nkhuku yoyamba inapita mwaulemu. Mazira anayi anatsatira. Pa dzira lachisanu khosi linayamba kufunsa mafunso. Apo anakumbukira kuti kwathu munthu sadya yekha anzake akuona, nanyamula ntchafu ya nkhuku yachiwiri kupita nayo kwa mzungu wina wowerenga nyuzi. Anagwada pang'ono, dzanja lamanzere litagwira chigongono, monga mwa mwambo. Mzungu anayang'ana ntchafu, anayang'ana a Ng'uni, nasamukira benchi lakutali ngati waona njoka.

Anayesa masisitere awiri. Masisitere anamwetulira, naloza kumwamba, nati ndi Lachisanu, sadya nyama.

Kenaka anaona banja la amwenye, bambo, mayi ndi gogo wawo, atayala nsalu pakona. Nyama anakana, koma nshawa analandira ndi manja awiri. A Ng'uni anabwerera pa benchi mtima uli mbee, chola chitapepukako. Sipanathe mphindi zisanu, gogo uja anafika atanyamula mpukutu wa nyuzi. Munali machapati asanu ndi atatu, masamusa, ndi timipira tina tachikasu tozuna ngati uchi. Anaika pamiyendo pa a Ng'uni, nawasisita pamutu, naimirira pompo kudikira kuti aone akulawa.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Sananene kuti nthawi zina zimabwera ndi chiwongoladzanja tsiku lomwelo.

Dzuwa litapendeka, a Ng'uni anali atamasula lamba mabowo awiri. Anapeza nzeru: kudya n'kuyenda, kuyenda n'kudya, monga amachitira ng'ombe. Anayenda khonde lonse la eyapoti kasanu ndi kawiri. Anawerenga mitengo ya mawotchi onse m'magalasi. Anaphunzira mayina a mizinda pa bolodi mpaka kuwaloweza ngati ana a Yakobo. Akafika kumapeto, dzira. Akabwerera, chapati.

Itakwana folo koloko, Satana anawanong'oneza. Kutaya ndi tchimo, koma kuiwala si tchimo. Anakankhira chola pansi pa benchi ndi chidendene, naimirira, nayamba kuyenda akuyang'ana kudenga ngati munthu woganiza za mpunga. Anafika mpaka pa sitolo ya mawotchi. Kumbuyo kunamveka nsapato zothamanga. Mlonda wa yunifolomu, thukuta lili kamukamu, anawagwira paphewa, chola chili m'manja. Anawakalipira m'Chingerezi kuti katundu sasiyidwa yekha pa eyapoti, nawalamula kuti atsegule. Ataona zamkatimo, ukali unatha.

A Ng'uni anaona mpata. "Tengani, bwana. Chifuwa cha nkhuku chonsechi."

Mlonda anameza malovu, nayang'ana uku ndi uku, nati ali pantchito. Anatenga chitumbuwa chimodzi chokha, chaching'ono kuposa zonse.

Ola lomaliza linali la munthu ndi Mlengi wake. Mbatata yotsiriza inalowa ndi madzi a pampopi wa ku chimbudzi. Chifuwa cha nkhuku chinalowa ndi pemphero. Pa kampira kachikasu komaliza, batani la buluku la a Justin linathomoka, n'kugubuduka pa simenti yosalala ija mpaka kukalowa pansi pa makina ogulitsa zakumwa, kumene ndikhulupirira lili mpaka lero. Koma chola chinali chopanda kanthu. Mafupa okha ndiwo anapita mu bini, oyera ngati atsukidwa.

Anakwera ndege dzanja limodzi litagwira buluku, lina tikiti, akuyenda ngati mayi wa miyezi isanu ndi inayi. Lamba wa pampando anakana kukumana. Ndege itangokhazikika m'mwamba, kunabwera mtsikana wa m'ndege ndi kangolo kake, akumwetulira.

"Nkhuku kapena nsomba?"

A Ng'uni amati sanalirepo pamaliro a atate awo, koma apo misozi inalengeza.

Patatha miyezi itatu anabwerera ku Tembwe ndi satifiketi ndi buluku lomangidwa ndi pini. Ine ndinalipo, ndinabweretsa njinga yawo. Amake Jenny sanafunse za Japani, sanafunse za mpunga.

"Atate ake Jenny, kamba uja anakufikitsani?"

A Ng'uni anatukula chifuwa. "Amake Jenny, sindinataye ngakhale nshawa imodzi. Zonse ndinamaliza pa Nairobi pomwe, tsiku limodzi."

Mayi aja anawomba m'manja mwachisoni, natembenukira kwa ine.

"Mwamva, alamu? Tsiku limodzi. Ndinadziwa ine kuti ziwiri zachepa. Ulendo wina ndipha zinayi."