Tsiku limene ndinagwadira laputopu

Ndiyambe ndi kunena kuti amayi anga ndi munthu wanzeru kwambiri, ndipo zimene zinasokonekera tsiku lija sanazisokoneze ndi iwo.

Ndili khanda, amayi ankagwira ntchito ya netiweki ku Lilongwe, yolumikiza makompyuta a m'maofesi kuti azilankhulana. Agogo atadwala, amayi anabwerera kuno ku Mchinji, ndipo zaka zambiri zinathera m'munda wa mtedza. Ine ndakula ndikuwadziwa ndi khasu. Chaka chatha ofesi ina ya maajenti a katundu pa boda inawalonjeza ntchito, koma inati setifiketi yawo inatha mphamvu kalekale. Anafunika kulembanso mayeso mwezi usanathe, apo ayi malowo apita kwa wina.

Anawerenga kuposa ife a Fomu 3. Ankasenda mtedza buku lili pamwendo, ine ndikuwafunsa mafunso omwe mwini wakene sindinkawamva (mpaka pano rauta ndimangoidziwa kuti ndi kabokosi kophethira timagetsi).

Mayesowa amalembera pa intaneti. Woyang'anira amakhala kudziko lina, akukuonera pa kamera ya laputopu, ndipo lamulo lake ndi lakuti m'chipinda musalowe munthu wina aliyense. Choncho amayi anadzitsekera kuchipinda masana, ine n'kundiika pakhonde ngati mlonda. Ndinadzimva kukula.

Pasanapite nthawi ndinamva odi. Anali azakhali, achemwali awo a bambo, atasenza thumba la mbatata kuchokera ku Mavwere. Ndinawatula, kuwayalira mkeka, kuwapatsa madzi, kenako n'kufotokoza kuti amayi akulemba mayeso. Anafunsa kuti aphunzitsiwo ali kuti. Nditayankha kuti ali m'kompyuta, azakhali anati:

"Iwe mwana, ulendo wonsewu ndadzera kudzalonjeredwa ndi chitseko? Ngati mlamu wanga sakundifuna pakhomo pano, angonena."

Anayamba kumanga chitenje kuti azipita. Ndinadziwa kuti nkhaniyi ikafika ku Mavwere idzakhala itamera nyanga. Apa m'pamene nzeru zinandibwerera (nzeru zake zomwezi zimene zimandipatsa nambala wani m'kalasi). Ndinaganiza kuti kamera imaona m'mwamba mokha. Ndikalowa chokwawa n'kunong'ona kuti kwabwera azakhali, amayi angogwedeza mutu, ine n'kutuluka ndi moni wawo.

Ndinaiwala kuti chitseko chathu chimalira.

Ndisanafike n'komwe pa tebulo, m'laputopu munatuluka mawu a mzimayi, akulamula m'Chingerezi kuti amayi aonetse chipinda chonse. Amayi anainyamula n'kuyamba kuizunguza. Inaona bedi, inaona zenera, kenako inaweramira pansi n'kupeza ine ndili chogwada.

Nkhope ya mzimayiyo sindinaione, koma mawu ake anali a munthu wamkulu. Ndiye ine, mwana woleredwa bwino, ndikanatani? Manja anga anaomba okha.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Poopa kuti sanamve, ndinabwerezanso moniyo m'Chingerezi.

Mayeso anathetsedwa pomwepo. Amayi sanandikalipire. Anatseka laputopu, n'kutuluka kukagwada pamaso pa azakhali, kuwafunsa za kumudzi mmodzimmodzi ngati palibe chachitika. Bola akanandimenya mbama. Ndinakalira kuseri kwa nkhokwe mpaka maso kutupa, poganiza kuti ndawabwezera amayi anga ku khasu. Azakhali atamvetsa zonse anati iwo sanatume munthu kukwawa, komabe mbatata zawo zinawakanika kudya.

Amayi anadandaula kwa eni mayeso, ndipo mwamwayi anapatsidwa tsiku lina sabata yomaliza ya mweziwo. Tsikulo azakhali anabwera osaitanidwa, n'kukhala pakhonde ndodo ili pambali. Anabweza wogulitsa tomato, anabwezanso mkulu wa mpingo asanamalize odi wake. Ine ananditumiza kumunda, kutali ndi chilichonse chokhala ndi kamera.

Amayi anakhoza. Masiku ano amadzuka m'mamawa kupita ku boda, chikwama cha mawaya chili kumsana, ndipo madalaivala a mathiraki amawatchula kuti ainjiniya. Ndikawaona akukwera kabaza mtima wanga umadzadza, ndipo ndatsimikiza kuti nanenso ndidzaphunzira zomwezi.

Ndaphunzirapo kuti lamulo la mayeso silidziwa mlendo. Koma kunena zoona, mzimayi wa m'laputopu uja moni wanga sanauyankhe, ndipo ine ndimaonabe kuti pamenepo analakwitsa.