Basi Inandipitirira Ikuimba Nyimbo Yanga

Nkhaniyi anabwera nayo ndi alamu anga, amake Feli, ine ndikupalira nandolo kwathu ku Milonde, ku Mulanje. Akuti, "Mwamva? Joji wagula galimoto. Amayi ake apita pa imeneyo kumsonkhano wa makwaya ku Limbe." Ndinayankha kuti Ambuye alemekezeke, koma khasu linandilemera. Ndikanadziwa, bwenzi nditangopitiriza kupalira.

Amake Joji timaimba nawo kwaya ya amayi. Ine ndimayambitsa nyimbo, iwo amavomera (mawu ali nawo, sindikana, koma ndi opyapyala). Ndiye wovomera akafike pagalimoto, woyambitsa atsike basi fumbi lili m'duku?

Ndinapita kwawo ndikutsimphina dala.

"Amwali, bondo langali silingapirire basi."

"Pepani amwali. Khalani kutsogolo ndi Joji, ine ndikwera basi ndi anzathu. Ndimakonda macheza."

Anandipatsanso nthochi zodya panjira. Mtima wabwino umenewo unandiwawa kwabasi.

Ulendo unayamba bwino. Zenera ndinatsitsa kuti anthu andione, mpaka ku Thyolo ndikubayibitsa ndi osawadziwa omwe. Titayandikira Limbe, magalimoto anangoti ndandanda, osasuntha. Tsiku limenelo apolisi anali atapatula mbali imodzi ya msewu kuti muzidutsa mabasi okha. Akuti basi imanyamula mudzi wonse. Ife tinalimo awiri ndi nthochi.

Kenako ndinamva nyimbo. Nyimbo yanga! Basi yathu ikudutsa pambali, amake Joji ali pazenera, akuyambitsa.

"Joji, lowa mmenemo, itsatire!"

"Amayi, atigwira."

Ndinatsika, nsapato kumanja, liwiro kuthamangira basi. Amayi onse anasuzumira pamazenera, wina n'kukuwa, "Aleluya! Bondo lachira!" Dalaivala sanaime, poti kumbuyo kwake kunali mabasi ena. Ndinabwerera kugalimoto anthu ogulitsa malonda akundiwombera m'manja.

Tinafika kwaya yathu ikutsika pansanja, nthungululu zili pakamwa pa aliyense. Mayi wina wachilendo anandigwira mkono. "Mwaphonya, mayi. Woyambitsa wa ku Mulanje uja ndi mngelo."

Ndikuthokoza Mulungu kuti tinabwerako amoyo, ndipo Joji ndi mwana waulemu, sanandiseke (ine ndikumuona). Koma tsopano amayi agwirizana kuti tizisinthana poyambitsa, Sabata ino ine, inayo amake Joji. Mutikumbukire banja lathu m'mapemphero anu, makamaka bambo a kunyumba, amene masiku ano amadzutsidwa ndi ine ndikuyeserera nyimbo tambala asanalire.