Ulendo wa ku Lecce ndi usipa wa Sisitere

Lolemba
Tikiti ndagula. Sabata yamawa ndikupita ku Lecce, kummwera kwa Italy, kukaona matchalitchi a mamangidwe a Baroko: khoma lonse losemedwa angelo onenepa, maluwa, zinyama, osasiya mpata. Ndekha, ndi kachikwama kamodzi. Nkhawa: opisa m'matumba, Chitaliyana, kudya ndekha anthu akundiyang'ana.

Lachiwiri
Pakamwa panga! Pamsika wa Woolwich, kuno kutsidya kwa nyanja komwe ndimakhala, ndakumana ndi Mayi Nkhoma, anesi, apampando wa amayi kutchalitchi kwathu, ndipo ndaulula. "Ku Italy? Ndiye mukaonana ndi Sisitere." Ndi mng'ono wawo, amakhala ku Roma. Ndafotokoza kuti Roma ndi Lecce zili ngati Blantyre ndi Mzuzu. Akuti eya, ndi panjira.

Lachitatu
"Kaphukusi kakang'ono" ka Mayi Nkhoma kopita kwa Sisitere kafika. Usipa, nandolo, zitenje. Malaya anga onse akununkha usipa. Mabuku a mamangidwe ndawatulutsa, malo palibe.

Lachinayi
Mpingo wonse wamva. Makolona oti Apapa akadalitse akungobwera. Bambo wina wajambula phazi lake pakatoni, akufuna nsapato za ku Italy. M'basi ndaloweza mawu okana, aulemu koma olimba. Mayi Nkhoma atayimba foni ndangoti, "Palibe vuto, amayi."

Lachisanu
Ndasintha tikiti, ndikupita ku Roma. Hotela ya ku Lecce ndailembera kalata yopepesa, yaitali kuposa mmene zimafunikira. Mabuku akuti Baroko ku Roma n'komwe anayambira. Ndikuwerenga mobwereza chiganizo chimenecho.

Loweruka
Mayi Nkhoma abwera kudzaona katundu. Ayang'ana zikwama, ayang'ana ine, apukusa mutu. Akuti sindingathe, apita nawo, tchuthi atenga kale. Tikagona kwa masisitere. Dongosolo lawo: Misa, kutula katundu, Misa, nsapato. Ndafunsa za nyumba zakale. Akuti nyumba sizithawa.

Lamulungu
Titatuluka m'tchalitchi Mayi Nkhoma atenga pasipoti yanga n'kuiponya m'chikwama chawo, akuti nkhope yanga ndi ya munthu wotaya zinthu. Lecce sindikamuona. Angelo ndizikawaba ndi maso kudenga, ulaliki uli mkati. Koma njira akudziwa ndi iwo, wolankhula ndi iwo, ndipo wakuba woti angayerekeze kugwira chikwama cha Mayi Nkhoma ndikumumvera chisoni. Ndafika kunyumba, ndakhala pansi kuti ndide nkhawa monga mwa nthawi zonse. Tulo tanditenga nsapato zili kuphazi.