Bambo Enos ndi Kabotolo ka Thovu

Aliyense amene anakhalapo ku Karama, kunja kuno kumene Amalawi tinabwera kudzagwira ntchito, akudziwa kuti malemu bambo Enos sankapereka moni asanaone paipi ya gasi. Anali dalaivala wa basi ya sukulu, munthu waulemu wake ndithu, koma m'thumba mwawo simunkasowa kabotolo ka madzi a sopo ndi mswachi wakutha. Akalowa m'nyumba, ankawadutsa eni ake dzanja lili m'malere, n'kukagwada kukhitchini kupaka thovu polumikizira paipi. Akatha m'pamene ankabwera kudzapereka moni, dzanja lili noninoni.

"Mphuno imanama," ankatero, "koma thovu silinama. Likafufuma, gasi akutuluka."

Anakapaka thovu kwa abusa. Anakapakanso m'lesitilanti ina, mwiniwake n'kuwapirikitsa ndi chipande uku akukuwa m'chinenero chake kuti zakwana, "Khalas! Khalas!" Iwo anatuluka akuthokoza, poti paipi inali bwino.

Tsiku lawo lalikulu linali la chinkhoswe cha Faiza, mwana wa mayi Mwanajuma. Anthu makumi atatu anapanikizana m'zipinda ziwiri, mawindo onse otseka kuopa kutentha kwa Ogasiti. Mayiwo anali ataphunzira kwa abwana awo kulandira alendo ndi bukhuru, lubani wa kuno, ndipo anali atafukiza m'mawa wonse, moti mphuno iliyonse inkangomva kununkhira. Ankafuna kuyatsanso khala lina pamene bambo Enos anagwada. Thovu linafufuma ngati khosi la chule.

"Mayi, chonde ikani machesiwo pansi."

"Achimwene, akuchimuna ali pakhomo! Mukufuna kundichititsa manyazi?"

"Manyazi amatha, mayi. Maliro makumi atatu satha."

Dalton, mkwati mwiniwake, anatambasula dzanja kuti ayatse fani.

"Akamwini, musakhudze switchi iliyonse, ngati mukufuna kukwatira!"

Bambo Enos anatseka gasi, natsekula mawindo, natsogolera khamu lonse kutsika masitepe, poti chikepe anachiletsanso. Chinkhoswe chinachitikira pakhonde la sitolo, thukuta lili kamukamu, mayi Mwanajuma osawayang'ana n'komwe bambo Enos. Kenaka wokonza gasi anatsika atanyamula paipi yong'aluka, nafunsa kuti anazindikira ndani. Atamulozera, anavula chipewa.

Nthungululu zimene zinamveka tsiku limenelo, ena amati zinafika mpaka ku Jebel Ali, kumapeto kwenikweni kwa mzinda. Mayi Mwanajuma anagwada pasimenti yotentha, nawapatsa mbale yoyamba ya mpunga. Iwo anakweza mswachi wawo m'mwamba ngati chikho cha mpira.

Bambo Enos anabwerera kwawo ku Balaka, kumene anatisiya chaka chatha. Lero m'makhitchini ambiri a Amalawi ku Karama muli kabotolo ka sopo pambali pa chitofu, ndipo palibe amene amaseka. Koma alendo amapereka moni pakhomo pomwe, mwamwambo wake, ndi manja ouma. Mayi Mwanajuma amati sanazolowerebe.